Kakilipi kodzipangira wekha n'kothandiza, koma sikalowa m'malo mwa chitsulo

Pa zipangizo zonse za makina osindikiza zinthu za pulasitiki, omwe ambiri amangowatchula kuti pulinta ya 3D, palibe chooneka chachabechabe kuposa kachitsulo komwe kamagwira kapaipi kodutsamo ulusi. Kukula kwake n'kosaposa nsonga ya chala. Koma kachitsuloka kakayamba kulekerera, makina ogulidwa ndi ndalama zambiri amasanduka chokongoletsera patebulo, ndipo mwini wake amayamba kunamizira mota, kompyuta, wogulitsa ulusi, mwinanso a magetsi.

Eni makinawa m'maiko ambiri anapeza njira yosaboola m'thumba. Amauza makina omwewo kuti asindikize kakilipi kooneka ngati chilembo cha C, n'kukalowetsa pakhosi pa cholumikiziracho. Ena amapitirira apo, amachotsa cholumikizira chakufakitale n'kuikapo china chonse chapulasitiki chomwe asindikiza okha. Zinthu ziwirizi anthu amazitama mofanana, pomwe n'zosiyana kwambiri. Kakilipi n'kanzeru ndithu, ndipo aliyense amene ali ndi makinawa ayenera kukasindikiza asanayambe kuona vuto. Koma cholumikizira chonse chapulasitiki, makamaka kumutu kotentha, n'kudzinamiza chabe.

Poti si khomo lililonse lomwe linawaonapo makinawa, ndi bwino kufotokoza kaye momwe amagwirira ntchito. Pulinta ya 3D siilemba papepala. Imatenga ulusi wa pulasitiki wokulungidwa pagudumu, wonenepa mamilimita 1.75, n'kuusungunula pa madigiri pafupifupi 200, kenako n'kuutulutsa pakamlomo komwe bowo lake ndi mamilimita 0.4 okha. Kamlomoko kamayenda uku ndi uku kusanja mizere yopyapyala, wina pamwamba pa unzake, monga momwe mayi woumba mbiya amasanjira dongo, mpaka chinthu chitaumbika. Chikhoza kukhala chogwirira chitseko cha kabati, chivindikiro cha botolo, choseweretsa ana kapena chipangizo chophunzitsira masamu.

Pa makina ambiri otsika mtengo, monga a Ender 3 omwe kampani ya Creality ya mumzinda wa Shenzhen ku China inatulutsa mu 2018 pamtengo wa madola pafupifupi 200 a ku America, mota yokankha ulusi siikhala pamutu wotenthawo. Imamangidwa pambali, ndipo ulusi umayenda m'kapaipi koyera kuchoka pamotapo kukafika kukamlomo. Opanga makina anachita dala kuti mutuwo upepuke, uzitha kuthamanga popanda kugwedeza makina onse.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa munthu amene anakonzapo njinga ya mabuleki a waya kapena kilatchi ya njinga yamoto. Waya umayenda m'kati mwa paipi yopindika, ndipo mphamvu ya dzanja imakafika kutali bola paipiyo ikhale yogwidwa zolimba kumapeto konse kuwiri. Ikamasuka mbali imodzi, munthu akhoza kufinya mpaka zala kuwawa koma njinga osaima. Lusoli analilembetsa ku Britain mu 1896 ndi Ernest Bowden, n'chifukwa chake ngakhale kapaipi ka mu pulinta ya 3D kamatchedwa Bowden. Kusiyana kwake n'kwakuti panjinga waya umakokedwa, pomwe pa makinawa ulusi umakankhidwa.

Kapaipiko kamapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa PTFE, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina lamalonda lakuti Teflon, ija imamatidwa m'mapoto ndi m'mafulayipani osakakamira chakudya. Anaitulukira mwangozi mu 1938 ndi Roy Plunkett wa kampani ya DuPont ku America. Ubwino wake ndi kuterera, kotero ulusi umadutsa mosavuta. Koma walira mvula walira matope. Chinthu choterera m'kati n'chotereranso kunja, ndipo kuchigwira kuti chisasunthe ndi ntchito yaikulu. Guluu sagwira pa PTFE. N'chifukwa chake pamafunika mano achitsulo.

Apa ndiye pali gwero la vuto lonse. Zolumikizira zomwe zimaikidwa pa makinawa sizinapangidwire ntchito imeneyi. Ndi zija amagwiritsa ntchito pamapaipi a mpweya wa kompuresa m'magalaja ndi m'mafakitale. M'kati mwake muli timano tachitsulo tozungulira, ndipo pamwamba pali kamphete kapulasitiki. Munthu akakankhira kampheteko pansi, timano timatseguka ndipo paipi imatuluka. Kakakhala m'mwamba, timano timaluma. Pa kompuresa zimenezi zimayenda bwino kaamba koti mpweya umakankhira paipi mbali imodzi nthawi zonse, ndipo ikamakankhidwa m'pamene timano timalumitsitsa.

Pa pulinta zinthu sizili choncho. Nthawi iliyonse mutu ukamadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena, mota imabweza ulusi m'mbuyo mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi kuti pulasitiki isadonthe n'kusiya tizingwe ngati ukonde wa kangaude. Ikatero imakankhanso. Posindikiza chinthu chimodzi chokha, kubweza ndi kukankha kumeneku kukhoza kuchitika kambirimbiri, mwina kufika m'masauzande. Kapaipi kamatuluka pang'ono, kamalowa pang'ono, ndipo kamphete kaja kamavina nawo. Onjezani apo kupotoka kwa kapaipi mutu ukamayenda kumanja ndi kumanzere. Pakapita nthawi timano timasema kamzere kozungulira pakapaipi, ndipo sitipezanso poluma.

Zotsatira zake zimabwera mwakachetechete. Choyamba, gawo lina la mphamvu ya mota limathera posuntha kapaipi m'malo mosuntha ulusi, kotero zinthu zimatuluka ndi tizingwe komanso timipata. Chachiwiri n'choipa kwambiri. Pa makina ngati Ender 3 kapaipi kamalowa m'mutu monse mpaka kukagunda kamlomo. Kakabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono chabe, pakati pa kapaipi ndi kamlomo pamatsala mpata. Pulasitiki yosungunuka imadzaza mumpatamo, imapsa, imada, kenako n'kutseka njira. Mota imayamba kulira kuti tha! tha! tha! uku giya ikutafuna ulusi n'kusiya ufa. Tsiku lina kapaipi kamazukiratu, ndipo mwini makina akabwera m'mawa amapeza ulusi utapiringizana patebulo ngati mphutsi, ntchito ya maola khumi itapita pachabe.

Kwa munthu wongosewera nawo makinawa, zimenezi n'zokhumudwitsa chabe. Koma kwa amene akudyera pomwepo, yemwe walandira kale ndalama ya kasitomala ndipo walonjeza kupereka katundu Lachisanu, ndi nkhani ya ndiwo pakhomo. Ulusi wotayikawo unagulidwa ndi ndalama yakunja. Magetsi omwe anayaka usiku wonse sabwezedwa.

Kakilipi kamagwira ntchito imodzi yokha, yosavuta kuimvetsa. Kamalowa pampata wa pakati pa kamphete ndi thupi la cholumikizira, n'kupangitsa kuti kampheteko kakhale kokwezeka nthawi zonse. Timano timakhala titaluma, kapaipi sikavinanso, ndipo popeza sikakusuntha, timano sitisemanso kamzere kaja mofulumira. Basi. Kulemera kwake sikufika galamu imodzi. Gudumu la ulusi la kilogalamu imodzi, lomwe limakhala ndi mamita pafupifupi 330, likhoza kutulutsa timakilipi toposa 1,000. Kusindikiza kamodzi n'kwa mphindi zochepa, madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Wina anganene kuti makampani ena amaika kale timakilipi totere m'bokosi, nanga kuvutikiranji? N'zoona amaika. Koma tinthu tating'ono chotere timadumpha n'kusowa tsiku loyamba lomwe munthu wamasula kapaipi. Chachikulu n'chakuti zolumikizira sizifanana. Mpata wa pansi pa kamphete umasiyana malinga ndi fakitale yomwe inapanga, ndipo kakilipi kopyapyala kuposa mpatawo sikathandiza kanthu, kamangokhala ngati mkanda. Apa m'pamene chodzipangira chimaposa chogula. Mwini makina akhoza kusindikiza timakilipi titatu kapena tinayi tosiyana kunenepa, n'kusankha komwe kakulowa mothina. Sitolo singamuchitire zimenezi. Ndipo kunena zoona, kachingwe kapulasitiki komangira mawaya a magetsi kakhozanso kugwira ntchito yomweyi kwa masiku angapo, kungoti kamafunika kudula nthawi iliyonse munthu akafuna kumasula kapaipi.

Palinso anthu amene amanyoza chilichonse chopangira pakhomo, amati n'zachikale, n'zaumphawi, makina amakono amafuna zipangizo zakufakitale. Anthu oterewa sadziwa mbiri ya makina omwe akuwateteza. Luso losungunula ulusi n'kusanja mizere analilembetsa mu 1989 ndi Scott Crump, mmodzi mwa omwe anayambitsa kampani ya Stratasys, ndipo kwa zaka zambiri makina otere anali a makampani olemera okhaokha. Amene anawabweretsa patebulo la munthu wamba ndi Adrian Bowyer, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Bath ku England, yemwe mu 2005 anayambitsa ntchito yotchedwa RepRap. Cholinga chake chinali kupanga makina otha kusindikiza zipangizo zambiri za makina anzake, ndipo mapulani ake anawapereka kwaulere kwa aliyense. Mu 2008 makina ake oyamba, otchedwa Darwin, anasindikiza zipangizo zomwe anamangira makina ena ofanana nawo. Chilolezo cha Crump chitatha mphamvu mu 2009, makampani ang'onoang'ono anabuka ngati bowa, ndipo mitengo inagwa.

Choncho munthu amene akusindikiza kakilipi ka makina ake sakuchita zachilendo, akuchita chomwe makinawo anabadwira. Kampani ya Prusa Research ya mumzinda wa Prague, yomwe makina ake amalemekezedwa padziko lonse, inatchuka pogulitsa makina okhala ndi zipangizo zapulasitiki zosindikizidwa ndi mapulinta ake omwe, mazanamazana atandandalikidwa m'chipinda. Ku Togo, mumzinda wa Lomé, Afate Gnikou anamanga pulinta ya 3D mu 2013 pogwiritsa ntchito zidutswa za makompyuta ndi masikana otayidwa kudzala. Palibe amene anamuseka, m'malo mwake dziko linamuombera m'manja.

Nkhani ya ku Togo ikukhudza mfundo yomwe anthu a ku Ulaya ndi ku America saiganizira kwenikweni. Kwa iwo cholumikizira chatsopano ndi ndalama yochepa ndipo chimafika pakhomo mawa lake. Kwa munthu wokhala kutali ndi masitolo a zipangizozi, mtengo wa kachitsuloko ndi nkhani yaing'ono. Nkhani yaikulu ndi ndalama yotumizira, msonkho, kusowa kwa ndalama zakunja komanso masabata odikira phukusi makina atangokhala. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kachidutswa komwe kali m'kabati n'kamene kali kako, komwe kali m'sitima yapamadzi sikanafike.

Koma pali msampha umodzi womwe ambiri amagweramo. Makina owonongeka sangasindikize mankhwala ake. Kapaipi kakazuka kapena mutu ukatsekeka, mwayi wosindikiza kakilipi wapita. N'chifukwa chake timakilipi tiyenera kukhala m'gulu la zinthu zoyambirira kusindikiza makina akadali atsopano, osati zidole ndi timaboti tomwe aliyense amathamangira. Tisanu kapena khumi tosungidwa m'kabotolo n'tokwanira zaka.

Tsono mbali inayo. Chisangalalo chokonza makina ndi manja ako chimaledzeretsa, ndipo munthu akaona kuti kakilipi kathandiza amayamba kuganiza kuti chilichonse chingasindikizidwe. Pa intaneti pali mapulani ambiri aulere a zolumikizira zapulasitiki, zina zokhala ndi nati yofinya kapaipi, zina zopotera kapaipiko m'mizere. Zina mwa izo n'zaluso ndithu, ndipo kumbali ya mota, komwe kulibe moto, zikhoza kugwira kwa nthawi. Koma pali zinthu ziwiri zomwe palibe pulani ingazisinthe.

Choyamba ndi kutentha. Ulusi womwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito, wotchedwa PLA, umayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. Chinthu cha PLA chikasiyidwa m'galimoto yotsekedwa padzuwa chimapindika chokha. Cholumikizira cha kumutu chimakhala masentimita ochepa chabe kuchokera pamalo otentha madigiri 200, ndipo chomwe chimachiteteza ndi kafani kamodzi kakang'ono. Kafaniko kakadzaza fumbi kapena kakaima, kutentha kumakwera. Kakilipi kakafewa, palibe choopsa, zinthu zimangobwerera mmene zinalili kasanaikidwe. Koma cholumikizira chonse chikafewa, kapaipi kamatayika pakati pa ntchito ndipo pulasitiki yofewayo ikhoza kumatirira m'mizere ya mutu, n'kuwononga chipangizo chodula kuposa chomwe munthu amapewa kugula. Amene ali ndi ulusi wa PETG, womwe umapirira mpaka madigiri pafupifupi 80, achite bwino kugwiritsa ntchito umenewo ngakhale pa kakilipi ka kumutu.

Chachiwiri ndi mmene chinthu chosindikizidwa chimamangidwira. Popeza ndi mizere yosanjikizana, chimalimba motsatira mizereyo koma chimang'aluka mosavuta pakati pa mzere ndi mzere, ngati nkhuni yowaza motsata mitsempha yake. Kakilipi kamasindikizidwa chogona, kotero mizere imazungulira motsatira chilembo cha C chija, ndipo ntchito yake ndi kupanikizidwa chabe. Apo pulasitiki ili pamalo ake. Cholumikizira chimasindikizidwa choimirira, ndipo mphamvu ya mota imachikoka m'njira yomweyo yomwe mizere imalekanirana. Kuyembekeza kuti chipirire kukokedwa masauzande ambiri ndi kupempha zambiri.

Ndipo pali chinthu chomwe kakilipi sikangachite ngakhale katasindikizidwa mwaluso chotani. Sikangabwezeretse mano othyoka. Zolumikizira zotsika mtengo zimakhala ndi timano topyapyala tomwe timapindika kapena kuthyoka, ndipo nthawi zina kachidutswa ka dzino kamagwera m'njira ya ulusi. Zikafika apo, kukakamira kakilipi n'kutaya nthawi. Pamafunika cholumikizira chatsopano chachitsulo. Pa Ender 3 cha kumota chimagulitsidwa ndi dzina lakuti PC4-M6 ndipo cha kumutu ndi PC4-M10, ndipo cha kumutucho chiyenera kukhala cha mtundu womwe umalola kapaipi ka mamilimita 4 kudutsa mpaka kutulukira pansi. Zolumikizira zambiri za kompuresa zili ndi potsekera m'kati, kotero wogula ayenera kuyesa kulowetsa kapaipi asanapereke ndalama. Munthu wanzeru poitanitsa ulusi amaikamo ziwiri kapena zitatu m'phukusi lomwelo.

Komwe zosindikiza zimathandizanso kwambiri, ngakhale anthu sakutama, ndi podula kapaipi. Kuti kagundane bwino ndi kamlomo popanda mpata, kumapeto kwake kuyenera kudulidwa mowongoka bwinobwino. Sizasi imaphwanya kapaipi, ndipo lezala yogwira pamanja imapendekera. Kabokosi kakang'ono kosindikizidwa, kokhala ndi bowo lolowetsa kapaipi ndi kampata kotsogolera lezala, kamathetsa vutoli. Mbali yomwe timano tinasema iyenera kudulidwa n'kutayidwa, chimodzimodzinso nsonga yomwe yada ndi moto. Pobwezeretsa, amisiri amamasula cholumikizira pang'ono, n'kukankha kapaipi mpaka kagunde pansi, kenako n'kumanganso kuti kapaipiko kapanikizike pakamlomo. Kakilipi kamabwera pomaliza. Kukaika pa kapaipi kodulidwa mopendekera kuli ngati kukhoma loko pachitseko chopanda mahinjesi.

Mawu amodzi okhudza umoyo, poti makinawa nthawi zambiri amakhala m'nyumba momwe muli ana. PTFE ikatenthedwa kupitirira madigiri pafupifupi 260 imayamba kuwonongeka n'kutulutsa utsi woipa, womwe umapha mbalame mofulumira ndipo umadwalitsa anthu. Pali ena amene mutu ukatsekeka amangokweza moto poganiza kuti pulasitiki isungunuka n'kudutsa. Pa makina omwe kapaipi kamafika pakamlomo, kuchita zimenezi n'kuphika kapaipiko. Vuto la mpata silithetsedwa ndi moto, ndipo chipinda chomwe muli makina chizikhala chotsegula mawindo, kutali ndi anapiye.

Makampani nawo anaiona nkhaniyi. Makina ambiri atsopano, kuphatikizapo Ender-3 V3 SE omwe Creality inatulutsa mu 2023, ali ndi mota yokankha ulusi pamutu pomwepo, kotero kapaipi sikanyamulanso katundu wolemera ngati kale. Izi n'zabwino kwa ogula lero. Koma makina akale aja anagulitsidwa ochuluka zedi, ndipo ndi omwe amapezeka motsika mtengo kwa ogulitsa zakale, kuperekedwa kumasukulu kapena kutumizidwa ndi achibale okhala kunja. Amene ali nawo sayenera kuuzidwa kuti njira yokhayo n'kugula atsopano pomwe vuto lawo ndi mpata wa milimita imodzi.

Kudziwa ngati makina akufuna kakilipi kapena chitsulo chatsopano sikulira katswiri. Munthu atenge cholembera, ajambule kamzere pakapaipi pomwe kakulowera m'kamphete, mbali zonse ziwiri, kenako ayambitse ntchito yokhala ndi kudumpha kwambiri n'kumayang'ana. Ngati kamzereko kakukwera ndi kutsika limodzi ndi kamphete, kakilipi kathetsa vutolo. Ngati kamphete kali chilili, kakilipi kalipo, koma kamzere kakusunthabe, adule nsonga ya kapaipi n'kuyesanso. Kakasunthanso kachiwiri, mano apita, ndipo makinawo asasiyidwe akugwira ntchito usiku mpaka cholumikizira chatsopano chitafika.